Matayala Aakulu, Chishalo Chofewa ndi Ukwati Umene Kunalibe

Dzina lawo anali a Yotamu Sakala, ndipo chimene anandipempha chinali chaching'ono: kuti ndiime pafupi ndi njinga, aone pamene chishalo chikundilekeza. Basi. Zina zonse zimene mumve pano ndinaziwonjezera ndekha m'mutu mwangamu. Ngati munakhalako ku Katete chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kumva anthu akuitana mtsikana wina kuti "a Ndavomera", musavutike kufunsa. Ndinali ine, ndipo manyazi ake amandigwirabe ndikamva belu la njinga.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza Fomu 3. Ndinkagwira ntchito m'sitolo ya a Bwanali, bambo wachisilamu wobadwira ku Malawi, amene ankagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka makasu a pulawo. Ndinali wamanyazi moti kasitomala akalowa ndinkayamba kupinda nsalu zopinda kale. A Bwanali ankati, "Esnati, mawu ako ndimachita kuwafunafuna ndi tochi."

Anthu amanyazi tili ndi matenda athu. Popeza sitiyankhula, timaona. Ndinkaona a Bwanali akuponya switi m'pepala la mchere la mayi wobereka mwana, osanena kanthu. Ndinkaona amene wapatukira nkhalamba pakhomo ndi amene waikankha. Tizinthu timeneti ndinkatisunga mumtima ngati mikanda. Pamwamba pa izo, ndinali nditamaliza timabuku tonse tachikondi ta mulaibulale ya kusukulu, momwe mwamuna akangotolera mtsikana mpango wogwa pansi, ndiye kuti patsamba lomaliza akwatirana. Phatikizani matenda awiriwa, muona kumene tikupita.

Pa chinthu chimodzi chokha ndinalibe manyazi: njinga. Kusukulu ndinkapita panjinga. Patchuthi ndinkapalasa mpaka ku Vubwi kwa achemwali anga, ulendo wogona panjira. Ndinkaudziwa msewu wamchenga, wamiyala, ndi uja wa timizere ngati malata umene umagwedeza mano m'kamwa.

Tsikulo linali Lachisanu masana. A Bwanali anali atapita kumzikiti, wogulitsa m'sitolo ndili ndekha. Kunalowa mwamuna wamtali, wa malaya oyera osita bwino. Pakhomo anavula chipewa. Agogo ena ankatuluka ndi dengu, iwo anawasenzetsa kaye pamutu asanalowe. Mkanda woyamba umenewo, ndinautola.

"Odi, mayi. Ndine Sakala, Yotamu Sakala. Ndikufuna njinga."

"Zili pakhondepo, bambo," ndinauza kauntala.

"Koma si yanga ayi. Ndi ya munthu wina. Wamkazi."

"Bwanji osabwera nawo adzayese okha?"

Anaseka pang'ono, maso ali pansi, akutembenuzatembenuza chipewa m'manja.

"Sizingatheke. Ndi mayi amene sindingaime nawo pafupi. Ngakhale kuwayang'ana kumaso sindingathe. Ndikangowaona, miyendo imafuna kuthawa yokha."

Mwina inu mwadziwa kale. Ine ayi. Chimene ndinaona ine n'chakuti munthuyo anaima kutali nane, ndipo sankandiyang'ana kumaso.

"Nanga msinkhu wawo ndi wotani?" ndinafunsa.

"Ngati inuyo. Ndendende. Ndakhala ndikukuonani ndikabwera kudzagula mankhwala a thonje. Tsiku lina munaima pakhondepo, ine ndili kutsidya kwa msewu, ndipo mumtima ndinati, eya, ndi omwewa."

Ndinayamba kupinda nsalu yopinda kale.

Titatuluka pakhonde, a Sakala analunjika pa njinga yofiira imene anyamata onse a m'tauni ankabwera kudzaisirira. Inali ya sipoti, ya mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, matayala ake owonda ngati chala.

"Ndikufuna yokongola kuposa zonse," anatero. "Thonje labereka chaka chino. Mayi amenewa sindingawapatse chinthu wamba."

Apa ndiye lilime langa linamasuka. Munthu sungaonerere akukugulira mavuto.

"Kwanu kuli phula, bambo?"

"Kwathu ndi kuseri kwa Sinda, chakumalire. Phula timalisiya pamsewu waukulu. Kuchokera apo ndi mchenga, miyala, madambo."

"Ndiye imeneyo isiyeni. Mumchenga ikazika ngati mpeni m'dzungu lophika. Pamiyala mwala uliwonse ukafika mpaka m'mano. Ndipo munthu amapalasa atawerama ngati akufuna ndalama yotayika. Dzuwa lisanafike paliwombo, msana ndi khosi zatha."

Ndinawatengera pa ina yakuda imene inaima kumapeto, yopanda mtanda pakati, imene palibe ankaiyang'ana.

"Taonani matayala awa. Ndi aakulu, ndiye amayenda pamwamba pa mchenga, ndipo timiyala amangotimeza. Musamawapope mpaka kuuma gwa, muziwasiya ofewerako pang'ono. Mahandulo ndi oimirira, munthu amakhala mowongoka ngati ali m'tchalitchi. Chishalo chili ndi masipuling'i. Pokwera palibe kuponya mwendo m'mwamba, ungakwere uli m'chitenje anthu osaona kanthu. Siithamanga ngati yofiirayo, koma ukafika kumene ukupita umatsika uli munthu."

Nditamaliza ndinazindikira kuti ndayankhula mawu ochuluka kuposa a mwezi wonse. A Sakala anali kukamwa yasa.

"Inuyo mukanasankha imeneyi?"

"Ine ndikanasankha imeneyi," ndinanong'ona.

"Ndiye yatha. Taimani pambali pake ndione."

Ndinaima. Anabwerera m'mbuyo, anatsinzina diso limodzi n'kumandiyeza kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Kenako anapukuta fumbi la pachishalo ndi chipewa chawo, chipewa chenicheni chovala kumutu, n'kugwira mahandulo kuti ndikwere. Mkanda wachiwiri. Ndinawauza kuti pedulo ikafika pansi bondo lizitsala lopindika pang'ono, ndipo iwo ananjuta ndi sipanala n'kumakweza chishalo pang'onopang'ono, maso ali paphazi langa. Azimayi a pamsika anasiya kugulitsa tomato.

Kuseri kwa sitolo kunali kamsewu kamchenga. Ndinayamba kupalasa mozungulira, iwo akuyenda patsogolo, akuchotsa minga ndi timabotolo tosweka. Mafunso ankabwera ndikamawadutsa.

"Nanga munthu atalemerako? Tinene kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo?"

Ndinaganiza za mimba. Munthuyu amaona patali.

"Masipoko ake ndi olimba, bambo. Ipirira."

"Muikenso nyali. Nthawi ikakwana kumakhala kuyenda ndi mdima. Mwana pobadwa safunsa ngati kwacha."

Njinga inakhotera kumbali, ndinaiwongola.

"Ndipo kaliyala akhale wamkulu. Pazikhala beseni ndi chikwama cha nsalu za makanda."

"Makanda angati, bambo?"

"Aa, ambiri. Mmene Mulungu angaperekere. Pakhomo pathu chaka sichitha popanda khanda."

Ndinakalowa nayo pamulu wa mchenga wa omanga nyumba. Sindinagwe, matayala aja anandisunga, koma tcheni chinaguluka.

A Sakala anathamanga. Anayamba afunsa ngati ndavulala, njingayo pambuyo. Mkanda wachitatu. Anabwezera tcheni ndi manja awo, ndipo ataimirira zala zonse zinali bii ndi mafuta, malaya oyera aja ali pangozi. Anayang'ana uku ndi uku kufuna tsamba lopukutira.

Tsono atsikana a nthawi yathu tinkapeta mipango kusukulu pophunzira zosoka. Aliyense anali ndi wake umodzi wapadera, wa maluwa m'makona ndi dzina lake pakati. Umenewo sunali wopukutira thukuta. Unkausunga mpaka tsiku limene udzaupereke kwa mnyamata, ndipo akaulandira ndiye kuti ndi chikole, dziko lonse lidziwe. Wanga ndinkayenda nawo m'thumba la diresi, woyera, wosagwirapo ntchito.

Ndinautulutsa. Ndinaupereka ndi manja awiri.

"Iyayi, uwu ndi wokongola kwambiri, ndiuwononga," anatero.

"Tengani, bambo."

Anapukuta nsonga za zala, anaona kuti wada, anaupinda bwinobwino n'kuuika m'thumba la malaya. Thumba lakumanzere, la pamtima. Akuti ananenanso kuti akauchapa. Zimenezo ine sindinazimve.

"Njingayi musagulitse wina," anatero povala chipewa. "Loweruka la sabata yamawa ndibwera ndi ankhoswe anga. Nkhani ngati iyi munthu sachita yekha. Iyenera kudzera mwa akuluakulu."

Ndinkakhala ndi amayi aang'ono, a Naphiri, amene ankagulitsa vitumbuwa pamsika. Pofika kunyumba madzulo, nkhani inali itanditsogolera kale. Ndinawapeza atakhala pakhomo, manja ali m'chiuno ngakhale anali chikhalire.

"Iwe Esnati, khala apa. Ndani uja amakuyeza miyendo masanasana?"

"Kasitomala, amayi."

"Kasitomala amapukuta chishalo ndi chipewa? Tanena bwino."

Ndinanena. Mwina sindinanene mawu onse monga anatulukira, koma ndinanena monga ndinawamvera.

"Ankhoswe anawatchula ndi pakamwa pake?"

"Anawatchula."

"Mpango uja uli kuti?"

"Anaika m'thumba. La pamtima."

Amayi aang'ono anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye wangokhala chete ngati mbuzi yonyowa? Anthu ankati sudzakwatiwa chifukwa suyankhula. Aone tsopano. Ena amafunsiridwa ndi sopo, mwana wanga ndi njinga ya nyali."

M'mawa mwake anaitanitsa amalume anga, a Gidiyoni, kuchokera ku Mkaika. Anali atapuma pantchito ya umesenjala paboma, ndipo ankakonda kufunsa mafunso ngati ali m'khoti.

"Kodi mwafufuza ngati munthuyo alibe mkazi?"

"Achimwene, mwakalamba," anatero amayi aang'ono. "Munaona kuti mwamuna wokwatira akugulira mkazi njinga? Amagula yake, mkazi n'kumakhala pakaliyala ngati thumba la mtedza. Inuyo alamu munawagulira?"

Amalume anakanda chibwano. Funso linathera pomwepo.

Sabata imeneyo njinga ija inasamalidwa kuposa mwana wakhanda. Ndinkaipukuta m'mawa ndi madzulo. Ndinathira mafuta m'tcheni, ndinakunga masipoko limodzilimodzi mpaka onse akulira mofanana, ndinasintha belu lake ndi lina la mawu okoma. Kunyumba ndinasoka chovala cha chishalo, n'kuyalamo thonje lambiri, chifukwa ndinkaganiza za mtunda wa ku Sinda kukafika kumalire. Aphunzitsi ena atafuna kuigula, ndinawauza kuti ili ndi mwini. Ndinawayang'ana m'maso ponena zimenezo, mpaka anadabwa.

A Bwanali ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Tsiku lina tikutseka anayankhula motsitsa, kuti wina asamve.

"Mwana wanga, kasitomala amakhala kasitomala mpaka atanena yekha kuti ndi chinthu china."

"Inde, bambo," ndinayankha. Mumtima ndinati, akuluakuluwa zachikondi anaziiwala.

Loweruka lija tambala wa amayi aang'ono sanalire kachiwiri. Anali tambala wamkulu, wofiira, amene ankamusungira Khirisimasi. Thobwa linali litaphikidwa dzulo lake. Tsitsi langa analimanga ndi ulusi mokoka kwambiri moti nsidze zinakwera m'mwamba, ndipo ndinabwereka nsapato za gogoda kwa mnzanga wa phazi laling'ono kuposa langa. Pangano linali lakuti alendo tiwalandirire pasitolo, popeza ndi pamene akudziwa, kenako tiwatsogolere kunyumba. Amalume anakhala pabenchi la pakhonde atavala jekete la umesenjala. Azimayi a pamsika anapeza zifukwa zosiyanasiyana zodutsira pamenepo, ndipo amene wadutsa sankabwerera.

Lole ya ku Sinda inaima patsidya pa msewu. Anatsika a Sakala. Kenako bambo wachikulire wa ndodo. Kenako mayi wachitsikana, wobereka khanda. Pomaliza, mothandizidwa ndi anthu awiri, anatsika mayi wina wamkulu thupi, wa duku lobiriwira, amene atangoponda pansi lole inakwera m'mwamba pang'ono.

"Abwera ndi banja lonse," ananong'ona amayi aang'ono. "Uyo ndi mlongo wake, awo ndi amake. Anthu aulemu."

A Sakala anayenda mofulumira patsogolo, kutali ndi anzawo. Anapereka moni kwa a Bwanali, kwa amalume, kwa ine. Koma mayi wa duku lobiriwira uja atangoponda pakhonde, iwo anazungulira pakona n'kukanjuta kuseri kwa mgolo wa palafini, nkhope italoza kukhoma.

Manyazi achikondi, ndinatero mumtima. Tikufanana.

Bambo wa ndodo uja, amene anali ankhoswe, anakhala pabenchi pafupi ndi amalume. Anafunsana za kumudzi, za mvula, za thonje, za miyendo yowawa. Ankhoswewo ankaoneka odabwa pang'ono kuti wogulitsa m'sitolo wabwera ndi abale ake, koma mwina anaganiza kuti ndi mmene amachitira a m'tauni. Kenako anakweza mawu.

"Kodi mtsikana uja ali kuti, amene mwana wathu wakhala akumutama sabata yonse?"

Amayi aang'ono anandikankha pamsana. Ndinatuluka ndikudzandira pa gogoda zija, n'kukagwada patsogolo pa benchi.

"Ndi inu? Chabwino. Mwana wathu akuti sanaonepo mtsikana wodziwa zinthu ngati inu. Akuti mumaganizira za mtsogolo, za ulendo wautali, za katundu wolemera. Ndiye ife tati, tisanachite chilichonse, tikamve kuchokera pakamwa pake pa mwini wakeyo ngati..."

Apa analekeza kuti anunkhize fodya. Anatsegula kabotolo, anathira pachikhatho, anatsina pang'ono. Pambuyo pake ndinamva kuti ankafuna kufunsa ngati masipoko angapiriredi. Koma pakhonde ponse panali zii, anthu onse akundiyang'ana, ndipo ndinaganiza kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikulephera kuyankhula pamene pafunika. Ndinati lero lokha asachite kundifuna ndi tochi.

"Ndavomera!"

Mawu amenewo anamveka mpaka kokwerera mabasi. Amayi aang'ono anaimba nthungululu, azimayi a pamsika anapolokezana, wina anayamba kale kuvina ndi dengu la tomato pamutu.

Ankhoswe anatsala ndi fodya m'malere, pakati pa chikhatho ndi mphuno.

"Mwavomera chiyani, mwanawe?"

Amalume anaimirira, anakoka jekete. "Mwana wathuyu ndi wa sukulu. Sitinali pachangu choti akwatiwe. Koma popeza mwabwera mwaulemu chotere, ndipo mwini wake mwamumva, ife akuchikazi tilibe mawu."

Mayi wobereka khanda uja anasendera kutsogolo. Anafunsa mofatsa kwambiri.

"Pepani, bambo. Akukwatira ndani?"

"A Sakala."

"A Sakala ati? Awo ali kuseri kwa mgolowo?"

"Omwewo."

"Amenewo ndi bambo a mwana ali kumsanayu."

Nthungululu inazima ngati nyali yathiridwa madzi. Mayi wa dengu anapitiriza kuvina pang'ono yekha, mpaka mnzake anamukoka chitenje.

Ankhoswe anabwezera fodya m'kabotolo, chinthu chimene sindinaonepo munthu akuchita, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Mayi wa duku lobiriwira anali a Nambewe, apongozi awo a a Sakala, mzamba wa midzi yonse ya kuderalo. Akhala akuyenda wapansi mitunda yaitali, beseni pamutu, kukachiritsa azimayi. Mdzukulu wawo ali kumsanayu anabadwa movutikira nthawi ya mvula, ndipo a Nambewe anawoloka dambo lodzaza madzi kuti akapulumutse mayi ndi mwana. Mkamwini analonjeza mumtima kuti thonje likagulidwa, apongozi ake sadzayendanso wapansi. Koma mkamwini angayeze bwanji mwendo wa apongozi ake? Angawapatse bwanji mphatso m'manja, munthu woti akakumana nawo panjira amalowa patchire? Ndiye anafuna munthu wa msinkhu wofanana, ndi ankhoswe oti apereke njingayo.

Kuseri kwa mgolo kunachokera mawu ang'onoang'ono.

"Ine ndinangofuna msinkhu."

Ndinali chigwadire. Ndinayang'ana thumba la mchere limene linali pakhomo n'kumaganiza ngati ndingakwanemo. Amalume anakhala pansi mwakachetechete n'kuyamba kuwerenga mabatani a jekete. Kumbuyo kwanga wina anayamba kuseka m'mphuno, ndipo ndinadziwa kuti akaphulika mmodzi, msika wonse uphulika, ndipo ine ku Katete kwatha.

"Taimirira, mwanawe."

Anali a Nambewe. Anandigwira padzanja n'kundidzutsa. Anandiuza kuti ndivule gogoda zija, zimene zala zanga zinathokoza, kenako anaima pambali panga phewa ndi phewa. Msinkhu unali umodzi, ndendende. M'lifupi ndiye munali nkhani ina. Mwa iwo mukanatuluka a Esnati atatu n'kutsalako nsalu.

Anayang'ana phewa langa, anayang'ana lawo. Kenako anatembenukira kwa ankhoswe, chifukwa mkamwini sangamuyankhule mwachindunji.

"Tandifunsirani munthu ali kuseri kwa mgoloyo. Iyeyu amati sandiyang'ana. Nanga msinkhu wanga anaudziwa bwanji chonchi? Amandisuzumira pampanda?"

Msika unaphulikadi, koma unaphulikira a Sakala. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, akuloza mgolo wa palafini, umene unkaoneka kuti ukunjenjemera. A Nambewe anandifinya dzanja pang'ono asanalisiye. Mkanda umenewo ndi umene ndinausunga kuposa yonse.

Ankhoswe anatulutsa njinga n'kuipereka ndi mawu oyenera. A Nambewe anakonza chitenje, analowetsa mwendo popanda vuto, anakhala pachishalo. Masipuling'i anadandaula kamodzi n'kuvomereza. Matayala anaphwa pang'ono pansi, anthu anagwira mpweya. Anapalasa. Anati njinga anaiphunzira ali mtsikana pa ya malemu amuna awo, ndipo miyendo sinaiwale. Analowa kamsewu kamchenga kaja, njinga ikuyenda pamwamba ngati pamphasa. Anadutsa pamiyala ya kuseri kwa chigayo ali chiwongokere ngati mfumukazi. Anabwerera akuliza belu langa lija la mawu okoma, nkhope yonse ili mano okhaokha.

Anatsika, anasisita chovala cha chishalo chija, anakanikiza thonje lake ndi chala.

"Ndayenda wapansi moyo wanga wonse," anatero. "Sindinadziwe kuti munthu angakhale pansi ulendo n'kumatha. Amene anasankha njinga iyi anasankha ndi mtima wonse, ngati akudzisankhira yekha."

A Bwanali anatsokomola n'kulowa m'sitolo mofulumira.

 Amayi aang'ono anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, akuyang'ana kutali.

"Tambala wanga," anatero. "Wa Khirisimasi."

"Waphedwa kale?" anafunsa a Nambewe.

"Wapsa ndi kupsa."

"Ndiye asafe pachabe, amayi. Ukwati ulipo. Ndi wa ine ndi njinga yangayi. Tiyeni."

Ndi mmene tinayendera ulendo wa kunyumba monga tinapangana: a Nambewe patsogolo panjinga akuliza belu, ankhoswe ndi amalume pambuyo akukambirana mitengo ya feteleza ngati palibe chachitika, ine wopanda nsapato, gogoda zili m'manja. A Sakala ankabwera kutali kwambiri kumbuyo, m'mbali mwa msewu. Chakudya chawo anakadyera kuseri kwa khitchini, okha, atayang'ana kumpanda. Amayi aang'ono anawapatsa khosi ndi mapazi a tambala, ndipo sindikhulupirira kuti zinangochitika.

Ine ndinathawira kotsukira mbale. Ndili pamenepo ndinaona chithunzithunzi cha munthu chitaima pambali panga. Anali akazi awo a a Sakala, a Felesiya.  Ndinaganiza kuti tsopano ndi nthawi ya mbama, ndipo ndinaona kuti ndiyenera kuilandira.

Iwo ananjuta, anasendeza mwana kumsana, anatenga mbale n'kuyamba kutsukuluza. Tinatsuka limodzi mpaka mbale zinatsala pang'ono kutha. Kenako anapukuta manja pachitenje, anapisa pachifuwa, n'kuika kanthu pamwendo panga mobisa, kuti a pakhonde asaone.

Unali mpango wanga, wochapa, wosita, wopinda pamakona anayi.

"Ndinaupeza m'thumba mwawo tsiku lomwe lija," anatero motsitsa. "Ndinawafunsa kuti Esnati ndani. Anayamba kundifotokozera za matayala ndi masipoko mpaka ndinagona. Ndiye ndinadziwa kuti palibe nkhani."

"Pepani, mayi. Ine ndinaganiza..."

"Mafuta a tcheni ndi ovuta, koma achoka. Pochapa duwa limodzi linasosoka, ndalipetanso. Ulusi wake ndi wosiyana pang'ono, musadandaule." Anatenga mbale yomaliza. "Muusungire munthu woti akakuyang'anani, aziona nkhope."

Mpangowo ndili nawobe, ndi duwa lake limodzi lofiirira kuposa anzake. Dzina la "a Ndavomera" linandikakamira mpaka ndinakwatiwa zenizeni, ndipo patsikulo abusa atandifunsa funso lija, tchalitchi chonse chinayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

Mwamuna akamakuyeza miyendo n'kumafunsa za kulemera kwako, yamba wafunsa kuti njingayo akwere ndani.